Musanakhome tenti pa gombe la Kariba

M'masiku oyambirira a Januwale 2022, anthu akadali pa chisangalalo cha chaka chatsopano, gulu la achinyamata a mpingo wa Seventh-day Adventist linachoka ku Lusaka kukacheza ku Siavonga. Asanu ndi mmodzi mwa iwo anamira m'nyanja ya Kariba, tsiku limodzi, malo amodzi. Sanali makanda okwawa. Sanali anthu oti anachezera ku bala n'kudzandira mpaka m'madzi. Anali achinyamata amphamvu zawo, ana a pa tchalitchi, ndipo anzawo anali chapafupi. Makolo amene anawatsazika ndi mawu akuti "muyende bwino" anadzalandira mabokosi.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyo mwake, pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene Zambia inkakwanitsa zaka 50 ikudzilamulira, boti linagubuduzika pa nyanja yomweyi m'boma la Gwembe. Anthu 26 anafa, ambiri mwa iwo ana a sukulu amene ankapita ku chikondwerero cha ufulu. Patangopita masiku anayi Pulezidenti Michael Sata anamwalira ku London, dziko lonse linatembenukira ku maliro a boma, ndipo nkhani ya ana aja inazilala msanga kuposa mmene inayenera. Ine ndikufuna muigwire pa chifukwa chimodzi. Ana a ku Gwembe anabadwira m'mbali mwa madziwo, ndipo kwawoko kukwera boti ndi mayendedwe wamba. Ngati Kariba inawatenga iwo, mwana wanu wa ku George, amene madzi ambiri amene anawaonapo ndi a m'ngalande nthawi ya mvula, mukuganiza kuti idzamuchitira ulemu?

Sindikukuletsani ulendo, m'bale wanga. Ndikudziwa mmene mtima umakhumbira mphepo ukakhala chaka chathunthu m'zipinda ziwiri, fumbi la pa msewu likulowera pa zenera, ana alibe posewera koma pakati pa chimbudzi ndi chingwe choyanikira zovala. Ku Siavonga ndiko kunyanja kwathu kwapafupi, makilomita pafupifupi 200. Mukanyamuka mbandakucha, kadzutsa mumakadyera pa mchenga. Mabanja a ku South Africa ndi ku Ulaya amakoka kalavani kumbuyo kwa galimoto, kanyumba koyenda kokhala ndi mabedi ndi chitofu, n'kukaimika m'mbali mwa nyanja sabata yonse. Ife timachita ndi zimene tili nazo. Timasonkha, timachita hayala Rosa kapena kubwereka Noah ya alamu, timamangirira ngolo ya katundu kumbuyo, tenti timapempha kwa mnzathu wa ku ntchito. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika chimachitika kale, tisanaone n'komwe madzi, pa kamsonkhano ka Lamlungu masana pamene tikulemba bajeti.

Tengani pepala limenelo muliwerenge. Pali basi ndi mafuta. Pali nkhuku, soseji, mpunga, malasha, zakumwa za akulu ndi za ana, ayezi wa m'bokosi lozizira. Pali ndalama ya pa geti. Pali masikipa olembedwa dzina la banja kapena la gulu la chilimba, ndipo pa mtundu wa masikipawo mpamene panali mkangano waukulu. Winawake wauzidwa kuti asaiwale sipika. Tsopano ndiuzeni, pa anthu makumi atatu amene alembedwa pamenepo, ndi angati amene angasambire mtunda wofanana ndi kutalika kwa bwalo la mpira osaponda pansi? Alipo amene anafunsa? Ana ndi angati, ndipo mwana aliyense ali m'manja mwa yani? Munthu akatulutsidwa m'madzi asakupuma, ndani pagulupo amene akudziwa chochita? Mafunso amenewa salowa m'bajeti chifukwa sadya ndalama, komanso chifukwa wofunsayo amaoneka ngati akulosera tsoka. "Aa, amake Chisomo, musatiyitanire minyama, Mulungu alipo." Zokambirana zimathera pomwepo, aliyense n'kubwerera ku nkhani ya soseji.

Choyamba dziwani madzi amene mukupitako. Kariba sinakumbidwe ndi mvula pang'onopang'ono kuti ikhale ndi gombe losalala. Ndi chigwa chomizidwa. Khoma la damu, lotalika mamita 128, linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959 kutseka mtsinje wa Zambezi, ndipo madzi anatenga mpaka 1963 kuti adzaze chigwacho. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, minda yawo, manda awo, mapiri, makwawa ndi nkhalango za mopane zinatsala pansi. Mitengo youma imene mumaiona itatulukira m'madzi, imene anthu amakonda kuijambula dzuwa likamalowa, ili ndi inzake yambirimbiri imene simuiona. Pamalo pakuya kwambiri nyanjayi imafika mamita 97. Siavonga yeniyeniyo inamangidwa pa mapiri, ndipo phiri silithera pamene madzi ayambira, limapitirira kutsetsereka. Mumalowa madzi akulekeza m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako m'chifuwa, mtima uli m'malo. Phazi lotsatira limachita zimene limachita pa masitepe usiku magetsi atazima: likuyembekezera poponda, likupeza palibe.

Ndiye gombelo silikhala malo amodzi. Bungwe la Zambezi River Authority limayendetsa nyanjayi pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 pamwamba pa nyanja yamchere, kusiyana kwa mamita 13. Nonse mukukumbukira 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko, madzi a Kariba atatsika mpaka Zesco kumatizimitsira magetsi maola opitirira 20 pa tsiku. Madzi akatsika chonchi, malo amene chaka chatha anali akuya ndiwo amasanduka gombe, ndipo phompho limene linali kutali limabwera pafupi ndi mapazi a ana. Akakwera, zitsa ndi miyala zimene munkaziona zimabisika. Choncho atsibweni aja amene akuti "ine Siavonga ndimaidziwa, tinabwera ndi a ku ofesi" akunena za gombe limene mwina kulibenso. Funsani munthu wa pamalopo, mlonda, msodzi, mayi wogulitsa kapenta: akuya ayambira pati, ng'ona inaoneka liti komaliza, kodi ana a kuno amasambira pano? Safunsa anadya phula.

Tsopano za mwana wanu wamwamuna wa zaka 16 uja, amene akuti "ine nidziwa kunyaya". Anaphunzira kuti? Ambiri mwa anyamata athu anaphunzirira m'maenje okumbamo miyala amene amadzaza madzi nthawi ya mvula, ngati Ngwenya ku Misisi, kumene nakonso ana akhala akumira. Kumeneko kusambira ndi kudumpha kuchoka pa mwala, kupalasa madzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, n'kugwira mwala wina. Mwana woteroyo ali pa ngozi kuposa mlongo wake amene amaopa madzi, chifukwa woopayo amalekeza m'mawondo. Bungwe la World Health Organization linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anamira pa dziko lonse, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu, ndipo amuna amamira kuwirikiza kawiri kuposa akazi. Chifukwa chake simuyenera kuchifunafuna m'mabuku. Muli atsikana pa gombe, pali foni ikujambula, mnzake wafika pa boti loimikidwa lija n'kubwerako. Iye atsale?

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amanyengeka. Mukuganiza kuti munthu womira amakuwa, amakupiza manja, amaitana amayi ake. Zimenezo n'za m'mafilimu. Womira alibe mpweya wokuwira. Pakamwa pake pamatuluka m'madzi kanthawi kochepa kongokwanira kukoka mpweya, n'kumiranso. Manja ake amakhala akukanikiza madzi m'mbali, sangawakweze kuti akukodoleni. Thupi limaima chilili, mutu wapendekera kumbuyo, maso ali tong'o osayang'ana kanthu kapena atsinzina, tsitsi kapena madzi zili kumaso koma sakuzichotsa, miyendo ikupalasa pansi osapita patsogolo. Zonsezi zimatha mkati mwa mphindi imodzi, kwa mwana wamng'ono mwinanso theka lake. Anthu amene ali mamita asanu kuchoka pa iye amaona mwana akusewera. Ana osewera m'madzi amasokosa. Mwana akangoti zii, musadikire, muitaneni dzina. Akapanda kuyankha, ameneyo akumira.

Ndiye taganizani mmene gombe limakhalira tikafikapo ife. Sipika ili pamwamba. Azibambo azungulira moto wowotchera nyama, msana kunyanja. Azimayi akusenda anyezi, ena akujambulana, ena akusintha thewera. Aliyense akaponya diso kumadzi amaona akuluakulu ambiri, mtima n'kukhala pansi: pali anthu. Amake akuti ali ndi atate ake, atate ake akuti ali ndi azakhali ake, azakhali akuti anamuona ndi ana anzake. Kuchuluka kwa anthu n'kumene kumaphetsa mwana, chifukwa ntchito imene yapatsidwa kwa onse palibe amene waigwira. Ndipo pali nthawi ziwiri zoopsa kwambiri. Ina ndi pofika, zitseko za basi zikangotsegulidwa, akulu ali kalikiliki kutsitsa katundu ndi kukangana za pokhoma tenti, ana athamangira kale kumadzi amene akhala akuwalota sabata yonse. Ina ndi popakira, dzuwa litapendeka, mabotolo atatha, aliyense akufuna nsapato yake, wina n'kunena kuti "ndikangotsuka mchenga kumapazi".

Mankhwala ake ndi otsika mtengo koma ofuna mwambo. Musankhe munthu mmodzi wamkulu, wosamwa, amene ntchito yake ndi kuima pa gombe nkhope kumadzi. Foni asiye m'chikwama. Asawotche nyama, asadyetse mwana, asacheze. Mumuveke chipewa kapena chitenje chowala kuti onse adziwe kuti uyu ali pa ntchito, ndipo pakatha theka la ola achivule n'kuveka wina pamaso pa anthu, chifukwa diso limatopa. Ana aziwerengedwa polowa ndi potuluka, ndi mayina. Wosakwana zaka zisanu akhale pamene dzanja lanu lingamufike, osati pamene diso lanu lingamuone. Ndipo musapereke ntchito imeneyi kwa kamtsikana ka zaka 12 chifukwa choti kunyumba ndi kamene kamalera azing'ono ake. Kulera pa khonde ndi kulondera pa nyanja ndi zinthu ziwiri, ndipo zikavuta mudzamusenzetsa mtolo umene adzafe nawo.

Kodi munadzifunsapo chifukwa chake nkhani za kumira nthawi zambiri zimakhala za anthu awiri, atatu, a banja limodzi? Woyamba amaterereka. Wachiwiri amamukonda, amadumphira. Womira sadziwa m'bale, amagwira chilichonse chimene chafika pafupi n'kukwerapo kuti apume, ndipo mphamvu zake pa nthawiyo n'zoopsa moti kamwana kangathe kumiza bambo. Wachitatu akaona awiri akulimbana amalowanso. Kukuuzani kuti musadumphire mwana wanu akumira ndi mawu owawa, ndikudziwa, ndipo pa ola limenelo simudzawakumbukira pokhapokha m'manja mwanu mukhale muli kale china chochita. Chinthucho muli nacho kunyumba. Chigubu chachikasu cha malita 20, chimene mumatungira madzi pa kiyosiki, chikakhala chopanda kanthu, chivindikiro chitamangidwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu. Mangani chingwe cha nayiloni chachitali pa chogwirira chake, muthiremo madzi pang'ono kuti chiziponyeka patali, muchiike pa mapazi a wolondera uja. Munthu akavutika, ponyani chigubu chimupitirire, kokani chingwe chimufike, mukuwe kuti agwire. Ngati ali pafupi mupatseni mtengo, nkhafi, ngakhale chitenje chopota, inu mutagona chafufumimba pa mtunda kuti asakukokereni. Ngati palibiretu njira koma kulowa, alowe wodziwa kusambira, chigubu chili patsogolo, pakati pa iye ndi womirayo.

Mukamutulutsa, siyani zija tinazolowera zomuzondotsa mutu pansi kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi. Mukutaya nthawi, ndipo masanziwo angamutsamwitse. Chimene akusowa ndi mpweya. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pouma, kwezani chibwano, tsinani mphuno, mupumireni m'kamwa kasanu. Kenako kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira maulendo 30, mupumireni kawiri, n'kubwerezabwereza osaleka mpaka atayamba kupuma kapena thandizo litafika. Wina akhale akuimba foni, wina akuliza galimoto. Ndipo ngakhale adzuke n'kumaseka, mutengereni ku chipatala cha boma ku Siavonga tsiku lomwelo. Madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola, usiku, inu muli pakati pa mapiri pobwerera. Kodi dalaivala wanu adzakhala ali pomwepo ndi makiyi, kapena adzakhala atapita ku tauni kukaona mnzake?

Za boti ndinene mwachidule, chifukwa Gwembe yanena kale. Mabanana boti amene amakunyengererani pa gombe kuti mukazungulire chilumba ali ndi malire a anthu amene anganyamule. Mwini wake akuwerenga mitu chifukwa mutu uliwonse ndi ndalama. Inu werengani majekete oyandamitsa. Akakhala ochepa kuposa anthu, musakwere. Akakhala aakulu okhaokha, ana asakwere, chifukwa jekete ya munthu wamkulu imavuka pa mwana akangogwera m'madzi. Jekete yokhalira kapena yongokoleka paphewa ya chithunzi siyandamitsa munthu. Imangidwe malamba onse boti lisananyamuke. Yang'anani mbali ya boti anthu atakhala: ngati madzi atsala pang'ono kufika pa mlomo wake, tsikani, ndalama yanu ipite. Wina akaimirira kuti ajambule, onse n'kuthamangira mbali imodzi kuti aone mvuu, boti limatembenuka pa madzi abata. Kariba ndi yaitali makilomita oposa 200, mphepo ili ndi pothamangira, ndipo m'miyezi ya mvula mafunde amadzuka mwadzidzidzi. Asodzi akamakokera mabwato awo kumtunda, inu mukupita kukatani?

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Musasambire pafupi ndi boti lalikulu loimikidwa, makamaka maboti ogonamo aja okhala ndi jenereta, mafiriji ndi magetsi. Injini ikalizidwa, chopalasira chake chimatema ndipo madzi amakoka. Utsi wa jenereta umaunjikana kumbuyo kwa boti, pamene anyamata amakonda kugwirira popuma, ndipo umakomola. Komanso waya wa magetsi akakhala wong'ambika, mphamvu imalowa m'madzi ozungulira. M'madzi opanda mchere ngati a Kariba imasankha kudutsa m'thupi la munthu, minofu n'kuuma, munthu wodziwa kusambira n'kumira osatulutsa mawu. Mukamva kuyabwa kapena kunyerenyetsa m'thupi muli m'madzi pafupi ndi boti kapena pampu, tembenukani, talikirani, ndipo chenjezani ena asalowe mpaka magetsi atazimitsidwa.

Tiyeni ku tenti. Malo okongola kwambiri okhomapo, pa kapinga wobiriwira pafupi ndi madzi, ndi pamene mvuu zimadya usiku. Mvuu imatuluka kukada kukadya msipu, imayenda njira yake yomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo ikadzidzimuka imathamangira kumadzi osasamala chimene chili pakati. Musanakhome chikhomo yendani pamalopo masana. Mukaona kanjira kopondeka kochokera m'madzi, mapazi aakulu a zala zinayi, ndowe zomwazika pa tchire, samukani. Khomani pamalo otetezedwa, pamene eni malo akulozerani, ngakhale pakhale patali ndi madzi ndiponso polipira. Ng'ona nayo ili ndi mwambo wake: imaonerera. Ikaona kuti madzulo alionse pa mwala wakutiwakuti pamabwera munthu kudzatsuka mapoto atawerama, imadikira pomwepo. Matumbo a nkhuku ndi a nsomba amene mwataya m'madzi masana ndi kalata yoiitana. M'miyezi yotentha, imene ndi yomweyo ya maholide athu a Okutobala ndi Disembala, ng'ona zimakhala zochangamuka kwambiri. Tungani madzi ndi ndowa dzuwa likadalipo, mukatsukire kumtunda. Kukada pasapezeke wopita kunyanja, kaya kukasamba, kaya kukataya madzi, kaya anyamata ndi atsikana ofuna pobisala. Mwana akafuna kukodza usiku, adzutse wamkulu, ndipo tochi ikhale kumutu kwa mphasa.

Mbaula isalowe m'tenti. Ndibwerezenso: mbaula isalowe m'tenti, m'kalavani, kapena m'basi imene ena agonamo. Chaka chilichonse m'miyezi ya Juni ndi Julayi timamva za mabanja a m'makomboni mwathu amene anagona ndi mbaula chitseko chitatsekedwa, m'mawa anansi n'kuthyola chitseko. Tenti yotsekedwa zipi ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse cha ku Kanyama. Malasha akamanyeka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo ndi wopanda mtundu, ndipo amautulutsabe ngakhale aoneke ngati azima. Chiyeso chimabwera mvula ikagwa nsima isanapse, wina n'kunena kuti tingolowetsa pakhomo pokha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo, ndipo pa ulendo wotere aliyense adzati ndi dzuwa kapena ndi mowa. Mukaona anthu awiri kapena atatu a m'tenti imodzi akudandaula mutu nthawi imodzi, atulutseni panja msangamsanga. Chitofu cha gasi ndi jenereta n'chimodzimodzi: panja, kutali ndi pamene anthu agona.

Msewu nawo uli ndi mbali yake. Mukadutsa Kafue n'kulunjika ku Chirundu, mumatsika kuchoka pa mtunda wa Lusaka, mamita pafupifupi 1,280, kupita ku chigwa chimene chili pa mamita 500 okha, kudzera m'mapiri a Kapiringozi kumene mathiraki akhala akugwa. Ngolo yodzaza kumbuyo imakankha galimoto potsetsereka, ndipo dalaivala wongodalira mabuleki amawapsereza asanafike pansi. Atsike ndi giya yaing'ono. Musananyamuke onani ndi maso anu kuti ngolo yakoledwa bwino, tcheni chachitetezo chilipo, magetsi ake akuyaka, matayala si akale ong'aluka, ndipo katundu wolemera ali pakati, osati kumchira. M'ngolo kapena m'kalavani yoyenda musakwere munthu, ngakhale ana alire chotani. Ndipo dalaivala amene adzakukwezeni mapiri amenewo madzulo, mathiraki a ku Chirundu ali mndandanda, masana onse anali kuti? Ngati anali pa moto wa nyama ndi botolo m'manja, gonani komweko.

Mukafika kunyumba onse amoyo, ulendo sunathebe. Mu Lusaka malungo ndi ochepa poyerekeza ndi kuchigwa, choncho ana obadwira ku Kalingalinga kapena ku Mtendere matupi awo sanazolowere kulimbana nawo. Usiku umodzi m'tenti yopanda neti ndi wokwanira. Nyamulani maneti, ana avale zamanja aatali dzuwa likalowa. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amadikira sabata imodzi, ziwiri, nthawi zina kupitirira, pamene aliyense waiwala za ulendo ndipo kutentha thupi kwa mwana mukukuyesa chimfine cha kusukulu. Likodzo limachedwa kuposa pamenepo. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi osayenda a m'mbali mwa nyanja, makamaka pa udzu ndi bango, timalowa pa khungu la munthu wongoviika miyendo, ndipo magazi mu mkodzo amatha kuoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu. Mnyamata wa zaka 13 sadzakuuzani, adzachita manyazi, ndiye mufunseni inuyo. Mankhwala ake, praziquantel, amamwedwa tsiku limodzi. Mwana akatentha thupi m'masabata otsatira musamugulire mapanado pa kantemba n'kumadikira. Pitani naye ku chipatala cha Kanyama, Matero, Chawama kapena kiliniki imene muli nayo pafupi tsiku lomwelo, ndipo musanafunsidwe n'komwe muwauze anesi kuti mwanayu anagona ku Siavonga pa deti lakutilakuti, amuyeze malungo.